Ndinakwecha mfuti ya abwana, koma akuchotsedwa ntchito ndi wina

Aphungu,

Kalatayi ndailemba masiku anayi, kulemba ndi kufufuta, chifukwa sukulu ndinalekezera sitandade 7 ndipo sindifuna kuti mundimve molakwika. Pakamwa ndiye sinditha n'komwe. Munthu akandiyang'ana m'maso, mawu amandithawa. Mundilole ndifotokoze zonse mwandondomeko ngakhale zitalike.

Ndine mtsikana wa zaka 23, kwathu ndi ku Mponela. Ndinabwera ku Doha mu Ogasiti 2019 kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Waab. Abwana anga ndi bambo wachikulire wa konkuno, timawatchula kuti Baba, ndipo akazi awo timati Madamu. Pakhomopa pali Mmalawi mnzanga mmodzi, a Saidi a ku Mangochi, dalaivala wa Baba. Agwira pano zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndi a msinkhu wa bambo anga.

Baba amasonkhanitsa mfuti zakale. Si zazitali zosakira nyama ayi, koma zing'onozing'ono zogwira ndi dzanja limodzi, zokhala ndi kamgolo kozungulira pakati komwe mumalowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Iwo amati marivoliva. Ali nazo khumi ndi zinayi, zonse zokhala ndi mapepala a boma. Iliyonse ili ndi bokosi lake la nsalu yofewa mkati, ndipo mabokosiwo amakhala m'kabati yachitsulo m'chipinda chawo chowerengera. M'kabatimo muli kamakina koumitsa mpweya kuti mfutizo zisachite dzimbiri. Kamakinako katangosintha kaliridwe tsiku lina, wokonza anafika ola lisanathe. M'chipinda changa kuseri kwa khitchini, eyakoni imadonthera pa bedi chibwerere changa. Ndanena kanayi.

Mfuti iliyonse Baba amaidziwa dziko lake, chaka chake ndi amene anaigwirapo iwo asanaipeze. Dzina langa ndiye salidziwa. Amandiitana kuti Malawi. “Malawi, chai.” “Malawi, yalla,” ndiko kuti fulumira.

Mliri usanabwere, Lachisanu lililonse masana a Saidi ankawaperekeza kumalo owomberako kunja kwa mzinda, atanyamula mabokosi awiri kapena atatu. Pobwera ankandifotokozera ndikuwathirira tiyi. “Mwana wanga, munthu wamkulu, ndevu mbuu, amatseka m'makutu n'kuyamba kuwombera pepala. Pepala losalakwa! Zikatha zisanu ndi chimodzi amakhala pansi ndi anzawo, khofi ali m'manja, n'kumalandizana mfutizo ngati akuonetsana khanda. Ine ndimaima kumbuyo ngati mzamba.” Pakhomopa munthu amene amandiseketsa ndi iwowa basi.

Mu Juni chaka chatha Baba anadwala COVID, ambulansi inawatenga. Madamu anachita mantha kwambiri. Anaima pakhomo la chipinda chowerengera atavala mamasiki awiri, anandipatsa botolo la bulichi, n'kunena kuti, “Chilichonse chimene Baba anagwira, tsuka. Chilichonse!”

Patebulo panali mfuti imodzi itagonekedwa pa kansalu. Ndi imene Baba ankaipaka mafuta tsiku limene anayamba kutentha thupi. Kamgolo kanali kotsegula, munalibe chipolopolo. Ndi yakale kuposa zonse, ndipo anawasiyira ndi bambo awo. Inali yakuda mobiriwira ngati phiko la khwangwala padzuwa.

Ndinaopa kuigwira. Koma Madamu anati chilichonse, ndipo ine mawu ndimawatsatira momwe anenedwera. Ndinavala magulovu, ndinaipukuta ndi bulichi paliponse, ngakhale m'timabowo ta zipolopolo ndinalowetsamo mswachi. M'mawa mwake ndinaipeza itatuluka mawanga ofiira a dzimbiri thupi lonse.

Aphungu, kwathu chitsulo chikachita dzimbiri sitifunsa munthu. Amayi anandiphunzitsa kukwecha sefuliya ndi mchenga ndi phulusa mpaka udzione nkhope. Ku Lilongwe kumene ndinayambira ntchito ankanditamanda pa chimenechi, ndipo ndicho chinandipezetsa mwayi wobwera kuno. Choncho ndinatenga waya wokwechera mapoto, ndinapita nayo pa sinki ya kochapira. Dzimbiri linachoka, koma kuda kuja kunachokera limodzi. Pomwe ndakwecha pankayera, pena pali pakuda. Ndinaganiza kuti kudako ndi litsiro la zaka zambiri, ngati mwaye wa kunsi kwa poto. Ndinati bola ndimalize yonse ifanane. Inanditengera masiku awiri. Tizilembo tina timene tinali m'mbali tinafufutika pang'ono. Pomaliza inkawala ngati supuni yatsopano.

Ndikuuzeni zoona, ndinanyadira. Ndinkati Baba akachira adzaiona, adzati mashallah, mwina adzafunsa kuti kodi mtsikana ameneyu dzina lake ndani.

Tsiku lachiwirilo Madamu anadutsa pakhomo la kochapira akulankhula pafoni. Anayang'ana m'manja mwanga, anagwedeza mutu n'kunena kuti “Zein, zein,” ndiko kuti zili bwino, n'kupitirira.

Kiyi wina wa kabati amasunga ndi a Saidi, choncho ndinawapatsa kuti akaitsekere. Ataiona anakhala pansi pa sitepe.

“Mwana iwe, wachita chiyani?”

Ndinati, “Ndaitsuka, bambo.”

“Waisenda khungu nkhalambayi! Kuda kuja sikunali litsiro. Ndiwo ulemu wake wonse. Anthu awa akamagula mfuti zakale amagula kudako.”

Iwo anaiika m'bokosi lake, anakalikankhira kumbuyo kwenikweni kwa kabati. Pobwera anati, “Inshallah achire. Komanso inshallah aiwale.”

Patatha masiku atatu nane ndinadwala. Ndinagona masiku khumi m'kachipinda kanga kaja. A Saidi ankasiya tiyi ndi buledi pakhomo, n'kugogoda akuyerekeza mawu a Baba: “Malawi, yalla, usafe! Nthabwala zanga aziseka ndani?” Madamu ananditumizira uthenga kamodzi, kufunsa kuti ndiyamba liti kusita.

Baba anatuluka m'chipatala patatha masabata asanu ataonda kwambiri. Mawu awo oyamba polowa m'nyumba anali ofunsa ngati kamakina ka m'kabati kakugwira ntchito. Sanafunse ngati pakhomo panadwalanso wina. Ndinawasamalira miyezi yambiri, kuwaphikira supu, kuchapa zofunda zawo tsiku ndi tsiku. Manja awo ankanjenjemera, choncho ankachita manyazi kugwira mfuti, ndipo mabokosi anakhala chitsekere.

Mkati mwa nthawi imeneyi munabwera lamulo latsopano loti wantchito angathe kusintha bwana popanda kalata ya chilolezo ya bwana wakale. Mnzanga Winnie wa ku Chipata, amene ndinadziwana naye ku Najma tsiku langa lopuma, amagwira kochapira zovala pa hotela ina. Anandipezera malo kumeneko, anandithandizanso kupereka notisi ya mwezi umodzi kudzera pafoni. Madamu anakwiya koma sanathe kuletsa. Pamene ndikulemba pano atsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Khadi langa la ID ndili nalo, koma pasipoti ili m'dirowa ya Madamu.

Lachisanu lapitali Baba anati manja alimba, akufuna kukawombera koyamba chidwalire, ndipo akufuna kuyambira mfuti ya bambo awo. Bokosi anakalitsegulira pamaso pa anzawo. A Saidi akuti mmodzi mwa iwo anaseka n'kufunsa kuti, “Chidole ichi wagulira mdzukulu wako?” Enawo anasekera limodzi. Baba sanawombere ngakhale kamodzi.

Atafika pakhomo anayambira pabwalo pomwepo kukalipira a Saidi. Ine ndinali kuseri kwa chitseko cha khitchini, thireyi ili m'manja.

“Kiyi wa kabati ali ndi ndani kupatula ine?”

“Ndi ine, Baba.”

“Wachita zimenezi ndani?”

Ndinayesa kukankha chitseko, Aphungu, Mulungu akudziwa, koma sindinatuluke. Kenako ndinamva a Saidi akuti, “Ndinkafuna iwale, Baba. Ndinalakwa.”

Baba anati khalas, ntchito yatha, viza aifafaniza, mwezi ukamatha a Saidi akwere ndege. Anawonjezera kuti akuganiza zokanena kupolisi kuti wantchito waseweretsa mfuti ya mapepala. Madamu anali ataima pa masitepe nthawi yonseyi. Ankangoyang'ana foni yawo.

Loweruka ndinawapeza a Saidi akutsuka galimoto. Ndinati, “Bambo, ndikanena kuti ndi ine.”

Anaseka. “Ukanena ndi pakamwa pati? Iwe ukaima pamaso pa Baba mawu ako amakhala ngati a mwanapiye wanyowa. Tamvera, mwana wanga. Ine zaka zanga kuno ndadya kale. Iwe khomo langokutsegukira kumene. Ukalankhula akutsekera, tonse awiri tikwera ndege imodzi, ndipo ine sindifuna kukhala pafupi ndi munthu wolira ulendo wonse. Khala chete, tenga ndowayo undithirire madzi.”

Koma tsiku lomwelo ndinawamva akulankhula pafoni ndi mwana wawo Fatuma, amene wangoyamba kumene sukulu ya unamwino. Ankati, “Ayi mama, palibe vuto, ndikungobwera kudzakuonani.” Atadula foniyo anakhala m'galimoto nthawi yaitali chitseko chili chotsegula.

Winnie akuti, “Iwe osapusa. Mdala uja wasankha yekha. Choka kaye, uzakamupepesa pafoni.” Anandiuzanso kuti ndikapeza mpata ndiipake polishi wakuda wa nsapato, mwina Baba mtima ungatsike.

Aphungu, mtima wanga wadzaza ndi mkwiyo ndipo sindikudziwa poutula. Dzulo popereka chai ndinawapeza Baba atakhala ndi mfuti ija pamiyendo, misozi ikutsika. Munthu amene wawayendetsa zaka khumi ndi chimodzi osagunda ngakhale mphaka sanamulirire. Ine amene ndinatengera matenda m'chipinda chawo sanandifunse n'komwe. Akulirira chitsulo. Ndakwiyira Madamu. Ndakwiyira amayi anga amene anandiphunzitsa kuti chowala ndicho choyera. Ndakwiyiranso a Saidi, chifukwa andisenzetsa chinthu chimene sindinapemphe, ndipo akamandiseketsa tiyi sandikomanso. Koma woyamba kumukwiyira ndi ine ndemwe, amene ndinaima kuseri kwa chitseko ndi thireyi.

Ndikakhala chete masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, ndituluka pano. Ndikalankhula, mwina ndikathera kupolisi kapena pa ndege. Ndichite chiyani?

M. K.
Al Waab, Doha

Mwana wanga M.,

Wati sutha kulankhula. Kalata yako yandiuza tsiku, malo, amene anaima pati ndi amene ananena chiyani. Anthu ambiri amadigiri amene amandilembera satha zimenezi. Usunge mfundo imeneyi, tiigwiritsa ntchito.

Yankho langa ndi lakuti unene. Ndikudziwa kuti si limene Winnie angakonde, ndipo Winnie si woipa, akukutchinjiriza. Koma iwe ndakuwerenga. Munthu amene amalowetsa mswachi m'timabowo ta mfuti sangakhale ndi mtendere pa hotela ija akudziwa kuti bambo a Fatuma anakwera ndege m'malo mwake. Udzasita malaya a alendo ukumva mawu aja akuti “ndinalakwa.”

Tsopano tione kukula kwa mlandu wako, chifukwa mantha aukulitsa. Ndinafunsa mnzanga wina amene anagwirapo ntchito yosamalira mfuti. Akuti kuda kuja amakuika dala popanga mfuti kuti chitsulo chitetezeke, ndipo bulichi ndi mdani wake. Akatswiri angathe kuidetsanso, koma kwa osonkhanitsa zakale siikhalanso chimodzimodzi. Choncho chinawonongeka chinawonongeka ndithu, usachepetse. Misozi ya abwana ako mwina si ya chitsulo chokha, ndi ya bambo awo amene anagwira pamene iwe unakwechapo. Zimenezi sizikuwapatsa ufulu wotaya munthu ngati chiguduli, koma uzidziwe ukamalankhula nawo. Mbali inayi, iwe sunabe, sunawombere, sunatulutse mfuti pakhomo. Unatsuka chimene unauzidwa kutsuka, m'sabata imene aliyense ankaopa imfa, ndipo palibe anakuphunzitsapo kuti chitsulo ichi sichitsukidwa ngati sefuliya.

Pali chinthu chimene walemba koma sunachione bwino. Ukuganiza kuti chinsinsichi ndi cha anthu awiri. Ndi cha atatu. Amene anakupatsa bulichi ndi Madamu. Amene anakuona pa sinki ndi waya m'manja n'kunena kuti zili bwino ndi Madamu. Pa masitepe paja sankayang'ana foni chifukwa chosadziwa. Nawonso akuopa amuna awo. Usawaopseze ndipo usawanyoze, koma dziwa kuti suli wekha pa nkhaniyi.

Chita motere, ndipo usasinthe ndondomeko yake. Yamba ndi mapepala ako. Pa tsiku lako lopuma, pita ndi Winnie ku ofesi ya zantchito ukatsimikize kuti notisi yako inalandiridwa, ufunsenso kuti bwana wokwiya angachite chiyani ndipo sangachite chiyani pa kusamuka kwako. Ine si loya, ndipo sindikulonjeza kuti sipakhala chovuta. Jambula uthenga uliwonse wa notisiyo, utumize kwa Winnie. Pasipoti uipemphe mwaulemu tsopano, nkhani ya mfuti isanatuluke, chifukwa malamulo a kumeneko salola bwana kuisunga iwe usakufuna. Uzanso mmodzi wa akuluakulu a gulu la Amalawi kumeneko tsiku limene udzalankhule, kuti foni yake ikhale yotsegula.

Kenako ubwerere kwa a Saidi. Usakawapemphe chilolezo, ukawauze. Anakusankhira zochita chifukwa chokukonda, koma sanakufunse. Uwauze kuti lamulo limene lakutsegulira khomo iwe ndi lawonso. Dalaivala wa zaka khumi ndi chimodzi wopanda ngozi angapeze bwana wina, koma dzina lake liyenera kukhala loyera, lopanda nkhani ya mfuti ndi polisi. Nawonso akafunse ku ofesi ija viza isanafafanizidwe. Nthawi yawo ndi yochepa kuposa yako, choncho zonsezi zichitike sabata ino.

Ukatero ulembe, poti mphamvu yako ili pamenepo. Tsamba limodzi, Winnie akuthandize Chingerezi. Ulembe monga wandilembera ine: Baba ali m'chipatala, lamulo loti utsuke chilichonse, dzimbiri la m'mawa mwake, waya, masiku awiri, ndi kuti a Saidi sanaikhudze kupatula kuitsekera. Mkwiyo wako wa eyakoni ndi masiku khumi aja ndi woona, koma usauike m'kalata imeneyi. Upepese kamodzi, osati kasanu. Uyambe wawaonetsa Madamu, uwauze mofatsa kuti mawa ukuipereka kwa Baba ndipo ukupempha kuti adzakhalepo. Ukuwapatsa mpata woti anene okha mbali yawo. Akakana, upereke ndithu.

Mwina Baba adzawabweza a Saidi, mwina manyazi adzawaletsa. Mwina masiku ako otsalawo adzakhala owawa kwambiri. Zimenezo sizili m'manja mwako.

Chenjezo langa ndi ili, ulimvetse. Mfuti ija usaigwirenso, ndipo za polishi wa nsapato uziiwaliretu. Kalatayo usakaperekere m'chipinda chowerengera, pafupi ndi kabati, kwa munthu wokwiya. Upereke masana, pabalaza kapena pabwalo, a Saidi ali pafupi, ID ndi foni zili m'thumba mwako. Usasaine pepala lililonse limene sunalimvetse. Ndipo usathawe pakhomopo notisi isanathe, pokhapokha ngati moyo wako uli pangozi, chifukwa kuthawa kudzawapatsa mlandu weniweni umene pano alibe.

Kwa ine wasaina ndi zilembo ziwiri, ndipo ndamvetsa. Pansi pa kalata ya Baba ulembe dzina lako lonse, la iwe ndi la bambo ako, m'malemba akuluakulu. Unkafuna kuti adzalifunse ataona mfuti yowala. Sanafunse. Aliwerenge tsopano.

Aphungu